Za Makina Oyankha, ndi za Iwo Otiuza Kuti Tiwakhulupirire

Abale anga owerenga, a ku Mvera ndi ku Kongwe, a ku Mponela, Madisi ndi Malomo, ndi inu nonse okhala m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, ndiri ndi mlandu ndi mau ena amene afala masiku ano pakati pa anthu ophunzira, ndipo ndifuna kuutula pabwalo panu. Mauwo ndi akuti: Makina oyankha mafunso afika, amene Azungu awacha AI, ophunzira awalandira, koma a kumidzi alinkuwaopa cifukwa ca umbuli, cotero tiwaphunzitse a kumidzi kufikira atawakhulupirira. Mau awa amveka okoma ndi acifundo, ndipo ambiri owanena atifunira zabwino ndithu. Koma ine nditi ali okhota, ndipo tikawatsata tidzalipira ndi cimanga ca m'nkhokwe zathu.

Ndiyambe ndi cimene ndinaona ndi maso. M'mwezi wa Januwale wa 2025, cimanga ciri m'maondo, ndinali pa mudzi wina kumpoto kwa Mponela. Munda wa mai wina wamasiye, nkhalamba yosadziwa ngakhale kulemba dzina lace, unali wofooka; cimanga cinapinimbira, masamba ali acikasu ndi ofota, cinkana mvula inalinkugwa bwino. Mdzukulu wace, mnyamata wotsiriza Fomu 4, waulemu ndi wokonda agogo ace, anaturutsa lamya m'thumba, najambula tsamba limodzi, nafunsa m'Cingerezi kwa makina aja amene ayankha ciri conse. Asanameze malobvu yankho linafika, lakuti nthaka yasowa cakudya, athire feteleza wobereketsa. Mnyamata analiwerenga mokweza, nalimasulira m'Cicewa, ndi nkhope ya munthu wowerenga kalata wa ku Boma. Ndipo amuna amene anali pomwepo anayamba kupangana za mbuzi imene igulitsidwe kuti thumba ligulidwe. Gogo uja anakhala cete kanthawi, nafunsa, "Kodi amene alemba zimenezo, mwana wanga, anafukula pansi?" Anthu anaseka. Iye anatenga khasu, nafukula phando limodzi, nationetsa timphukira toyera tomamatira ku mizu ya cimanga. Anali kaufiti, asanaturukire kunja ndi maluwa ace ofiira aja.

Sinditi makina ananena bodza lenileni, pakuti feteleza athandizadi cimanga colimbana ndi kaufiti. Koma anayankha za tsamba, pamene mlandu unali ku mizu. Ndipo sanachule kuzula kaufiti asanabale mbeu zace, kapena kuthira manyowa, kapena kupumitsa munda ndi soya ndi mtedza, zimene nkhalamba ija inazidziwa yosaziwerenga m'buku. Nanga pa anthu awiriwa wophunzira anali yani? Pa za lamya anali mnyamata. Pa za munda umene unalinkufunsidwa anali gogo. Ndipo wokayika uja ndiye anapulumutsa mbuzi.

Tsono ndiyenera kunena cimene makinawa ali, pakuti alipo abale ena, ngakhale akuru aulemu wao, amene ati m'lamya muli ciwanda. Iai, mulibe ciwanda, ndipo wonena cotero angocititsa kuti ana atiseke ndi kuleka kutimvera pa zina zomwe. Anthu a ku America ndi a maiko ena anasonkhanitsa zolembedwa zosawerengeka, mabuku, manyuzi ndi za pa intaneti, nazipatsa makina owerengera kuti apende mau amene akonda kutsatana. Pamene muwafunsa kanthu, iwo alumikiza yankho liu limodzi limodzi, nasankha liu loyenera kutsata linzace monga mwa zimene anapenda zija. Ochuka mwa iwo, ChatGPT, anaturutsidwa ndi kampani ya OpenAI m'Novembala wa 2022. Nchitoyo njodabwitsa, ndipo kawiri kawiri mayankho ali oona ndi othandiza; sindikana. Koma zolembedwa zimene makinawa anadya nza Cingerezi makamaka. Za Cicewa nzocepa, ndipo za katondo wa ku Ntchisi kapena za mvula ya kwa Chakhaza nzocepetsetsa. Ndipo coopsa koposa ndi ici: ponena zoona ndi ponena zopeka, liu lao ndi limodzimodzi. Munthu wabodza timgwira ndi maso, pakuti acita cibwibwi, akanda m'mutu, ayang'ana kumbali. Koma makina alibe manyazi, sagwetsa nkhope, ndipo pamene sadziwa akhoza kupeka yankho losalala monga lija loona.

Otsutsana nane ali nao umboni, ndipo sindiubisa. M'caka ca 2025 a sukulu yaikuru ya Melbourne ku Australia, pamodzi ndi a KPMG, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu oposa 48,000 m'maiko 47. Anapezadi kuti ophunzira kwambiri, acicepere, ndi amene anaphunzitsidwako za makinawa, ndiwo awakhulupirira koposa anzao. Pamenepo anzathu aomba m'manja, nati, Mwaona? Sukulu ibala cikhulupiriro. Koma bwenzi atawerenga kufikira kumapeto! Mwa anchito ogwiritsa makinawa, 66 pa 100 ali onse anabvomera kuti nthawi zina atenga mayankho osawayesa ngati ali oona, ndipo 56 pa 100 anati analakwitsapo nchito cifukwa ca iwo. Kodi ndico cuma cimene tifuna kutengera kumidzi? Kwa mlembi wa mu ofesi, kulakwa ndi pepala long'ambidwa, ndipo mawa alemba lina. Kwa mlimi kulakwa ndi caka cathunthu ca njala, pakuti dzinja la kuno silibwera kawiri.

Caka comweco a Microsoft ndi a sukulu ya Carnegie Mellon anafunsa anthu 319 ogwira nchito za m'maofesi, napeza cinthu cimene ndifuna mphunzitsi ali yense aciike pamtima. Amene adalira makina kwambiri acepetsa kusinkhasinkha. Koma amene adzidalira pa nchito yao ndiwo apenda yankho koposa. Taonani, kulimba mtima kuli mitundu iwiri, ndipo anthu aisokoneza. Kwina nkwa zala: kudziwa potsegula lamya, podina, pojambula, ndi polemba funso m'Cingerezi cosalala. Kumeneku mwana akuphunzira m'sabata imodzi, ndipo kumtupitsa mutu, pakuti akuru omzinga sadziwa, namyang'ana ngati dokotala. Kwina nkwa cinthu cofunsidwaco: kudziwa nthaka, nthenda ya mbuzi, lamulo la malo, malungo a mwana. Kumeneku kutenga zaka, ndipo ndiko kokha kumene kukhoza kuuza munthu kuti, Apa makina aphonya. Amene ali nako koyamba kokha ndiye ali m'ngozi koposa onse, woposa ngakhale wosadziwa kanthu. Cifukwa wosadziwa afunsa mnzace, koma uyu ayesa kuti wafunsa kale.

Sukulu yokha ikadakhala mankhwala, sakadagwa maloya, anthu amene nchito yao yonse ndiyo kupenda mau. Koma ku New York, m'caka ca 2023, maloya awiri anapereka kwa woweruza milandu 6 yakale yoikira kumbuyo mlandu wao, ndipo inapezeka kuti sinazengedwepo ndi kale lonse; anaipeka makina, pamodzi ndi maina ndi zaka zace. Analipitsidwa madola 5,000. Ku Pietermaritzburg, m'South Africa, m'Januwale wa 2025, woweruza wa bwalo lalikuru anafunafuna milandu imene maloya ena anachula, napeza kuti yambiri kulibe. Awa si a ku Msakambewa kapena a kwa Kasakula. Ndi anthu a madigiri ndi mikanjo yakuda. Anagwa cifukwa cimene anaona cinali colembedwa bwino, m'cinenero ca nchito yao, ndipo anacita ulesi kutsegula mabuku.

Ife a m'mapiri muno tiri naco cofooka cathucathu pa nkhani ya zolembedwa, ndipo ndicichula ndi ulemu, popeza inenso ndiri naco. Sukulu inalowa kuno m'caka ca 1889, pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga ku Mvera m'dziko la Chiwere. Ku Kongwe inafika mu 1894. Mabuku oyamba amene makolo athu anagwira anali ocepa, ndipo anapendedwa ndi anthu ambiri asanasindikizidwe. Buku Lopatulika lathunthu linaturuka mu 1922, omasulira, Azungu ndi eni cinenero pamodzi, atalimbana nalo zaka pafupifupi 20. Cotero tinazolowera kuti cosindikizidwa ncoona. Ndipo kufikira lero mkangano wa pabwalo uzirala munthu akangoti, Zalembedwa. Ulemu umenewo unali ndi maziko ace. Koma tsopano zilembo zomwezo, zoongoka ndi zaudongo, zituruka pa galasi la lamya m'kamphindi, palibe munthu anazipenda, palibe wolemba dzina lace pansi kuti timtsate zikalakwika. Msampha uwu sugwira wosadziwa kuwerenga, pakuti kwa iye mau ndi mau, ndipo afunsa kuti wanena ndani. Ugwira ife owerenga, amene tinayamwira ulemu wa zilembo pamodzi ndi a, e, i, o, u.

Ndipo si koyamba galasi kutikopa. M'zaka za 1933 ndi 1934 a mcape, amene ciyambi cao cinali ku Mulanje, anayenda m'midzi ya Nyasaland kufikira ku Northern Rhodesia. Sanabvale zikopa ndi nthenga monga asing'anga akale. Anali anyamata obvala za Cizungu, mankhwala ao anali m'mabotolo, ndipo anaimika anthu pamzere, nawayang'ana m'kalirole kuti aone mfiti. Maonekedwe a zatsopano ndiwo anawatsegulira midzi. M'caka ca 1995, pamene Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga anati ali ndi mankhwala a Edzi, anapitako anthu zikwi mazana. Njira ya ku Liwonde inadzaza mabasi ndi magalimoto a m'mizinda, ndipo eni magalimoto si mbuli za kumidzi. Musandimve molakwa: sinditi makina oyankha ndi mcape. Mu mcape munalibe kanthu. M'makina muli kanthu ndithu. Ndinena za mtima wa ife olandira, umene uthamangira cinthu cifukwa ncatsopano ndi cifukwa wocinyamula wabvala bwino. Ndipo satifiketi siciritsa mtima wotere.

Kunena kuti a kumidzi aopa makina ndi kuwanamizira, ndipo Dowa yemweyo ndi mboni. M'caka ca 2006, pamene dziko lonse linakolola bwino, midzi ya kumpoto kwa Dowa inapsa ndi ng'amba. Kuyambira Disembala wa caka cimeneco kufikira Epulo wa 2007, a Concern Worldwide anathandiza mabanja ngati 11,000 ndi ndarama m'malo mwa matumba a cimanga. Ndipo ndaramazo zinadza ndi galimoto la banki ya Opportunity, munthu napereka khadi lace, naika cala pa makina kuti amzindikire. Amai amene sanalowepo m'banki cibadwire anaima pamzere mwezi ndi mwezi, naika zala zao, nalandira. Anatha bwanji, popanda digiri? Cifukwa makina aja anali oyeseka: ukaika cala, ndarama zituruka, nuziwerenga m'manja mwako pomwepo. Momwemonso tinalandira cigayo, njinga, mjigo ndi ndarama za pa lamya. Ciri conse tinaciyesa, ticiona, ndipo tinacikhulupirira kufikira pamene cifika. Tsono ngati anthu omwewo akayika makina oyankha, kukayika kwao si umbuli. Ndi nzeru yomweyo ya kuwerenga ndarama usanacoke pa zenera. Cobvuta ncakuti uphungu suwerengeka m'manja. Uoneka m'Epulo, pamene wauza munda m'Disembala.

Ndisamveke ngati wokana mlendo, pakuti akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kusowa kwathu nkwakukuru: mlangizi mmodzi wa zaulimi ayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo m'mapiri muno, m'mene njinga ikankhidwa koposa kukweredwa, alipo alimi amene caka cipita osamuona. M'caka ca 2024 a Opportunity International anayambitsa m'Malawi makina ochedwa Ulangizi, ofunsidwa pa WhatsApp, m'Cicewa kapena m'Cingerezi, polemba kapena polankhula, ndi potumiza cithunzi ca mbeu yodwala. Anawayesa poyamba ndi alimi ngati 150. Ziwiri anacita bwino. Anamangirira makinawo ku buku la malangizo a ulimi la Boma lathu, kuti asangotola ziri zonse za ku maiko a cisanu. Ndipo popeza alimi ambiri alibe lamya zotere, anaika pakati munthu wa m'dera, wonyamula lamya ndi kufunsira anzace. Ici ndiciyamika. Koma taonani pamene katundu yense watsamira: pa munthu wa pakatiyo. Akakhala wodziwa munda, wosacita manyazi kunena kuti, Yankho ili silikwana, tiyeni tikafukule, ndiye kuti mudzi wapeza mlangizi waciwiri. Akakhala wodziwa zala zokha, mudzi wapeza wolengeza, wowerenga mokweza zimene iye mwini sakhoza kuziyesa. Ndipo anthu adzamvera, si cifukwa akhulupirira makina, koma cifukwa ndi mwana wa uje, amene anapita ku sukulu.

Apa ndipo pali cisoni canga. Cikhulupiriro ca mudzi sicipita kwa makina. Cipita kwa mwana wathu wowanyamula. Makolo anagulitsa fodya ndi mtedza kuti iye aphunzire, ndipo akalankhula safuna kumcititsa manyazi pa anthu. Tikamphunzitsa mwanayo kukhulupirira m'malo mwa kuyesa, tagulitsa ulemu wa mudzi wonse kwa mlendo amene sitinamuone nkhope, ndi amene sadzabwera pa maliro njala ikapha.

Kuphunzira kwenikweni kuoneka bwanji, tiri naco citsanzo ca pafupi. William Kamkwamba, wa ku Wimbe m'dziko la Kasungu, analeka sukulu posowa ndarama m'njala ya 2002. Anapeza buku la za mphamvu ya mphepo ndi magetsi m'kanyumba ka mabuku, ndipo Cingerezi cace cinali cocepa, kotero kuti anatsata zithunzi koposa mau. Koma sanayenda m'mudzi nalengeza kuti buku lati mphepo ibala magetsi. Anatola zitsulo zotayidwa, mapaipi ndi njinga ya atate wace, namanga, nalephera, namanganso, anthu alinkumuyesa wamisala, kufikira babu linayaka iwo alinkupenya. Buku analilemekeza, koma woweruza wace anali babu. Ndipo kale Msyamboza wa ku Chibanzi, pafupi ndi Kongwe, amene mbiri yace inalembedwa ndi Samuel Ntara, analandira mbeu zacilendo monga tirigu, si pomva kuti Azungu azitama, koma pozibzala ndi kuona. Anthu otere sitiwachula okhulupirira kapena okana, anali oyesa.

Cifukwa cace ndinena kwa inu aphunzitsi, ndi kwa inu a mabungwe amene mudza ndi magalimoto kudzacititsa maphunziro a masiku atatu. Musayese nchito yanu powerenga anthu angati amene tsopano ati, Tikhulupirira. Ciwerengero cimeneco cikondweretsa okutumani, koma sicitiuza kanthu. Tiuzeni angati amene akhoza kugwira makina ponama. Pophunzitsa, yambani ndi kuwafunsa makinawo zimene anthu azidziwa kale: maina a mafumu a m'dera, mitsinje ya pakati pa Dowa ndi Ntchisi, tanthauzo la mwambi, nyengo yofesa nazale ya fodya, ndipo anthu aone ndi maso ao pamene alondola ndi pamene apeka, aseke, adziwe malire a mlendoyo. Mukatero mudzaona kuti nkhalamba zija zimene muziika kumbuyo pa mphasa ndizo aphunzitsi a tsikulo. Ndipo pa za mankhwala a munthu, muyeso wa mankhwala ophera mbozi, ndi milandu ya malo, nenani poyera kuti yankho la lamya ndi poyambira kufunsa, ndi kuti pambuyo pace pali cipatala, mlangizi ndi bwalo, kumene kuli munthu wa dzina amene tingambwerere.

Kwa inu anyamata ndi asungwana onyamula lamya ndiri ndi mau amodzi. Palibe akutsutsani kuti mudziwa zimene ife sitidziwa. Koma mukawerengera akuru yankho, nenani kumene lacokera, ndi kuti lingalakwe. Ndipo mkuru akafunsa funso looneka ngati lopusa, musaseke msanga, lilembeni m'lamyamo monga walinenera. Makina aja akadauzidwa kuti mundawo walimidwa cimanga cokhacokha zaka zambiri, ndi kuti caka catha munali maluwa ofiira, kapena akadachula kaufiti. Koma wodziwa zimenezo sanafunsidwe, ndipo wofunsa sanazidziwe.

Mnyamata uja ali nayobe lamya yace, ndipo sindinamuuze kuti aitaye. M'dzinja lotsatira munda uja anabzalamo soya. Pamene masamba anayamba mawanga, anajambulanso nafunsa makina; koma yankho analiwerengera agogo ace ali m'munda momwemo, khasu liri pambali, ndipo m'mawa mwace anapalasa njinga kunka kwa mlangizi, ndi masamba atatu m'thumba la malaya.